Mlendo pa Chiliza cha Bambo Sichali

"Kodi bamboyu ndi ndani?"

Mayi Namukonda anafunsa atagwira thailosi ndi manja awiri. Trevor, mwana wawo wamwamuna, anayamba kupukuta foni pa malaya. Tamara, mlongo wake, anayang'ana kudenga. A Pius, mng'ono wa malemu amuna a mayi Namukonda, anangotsokomola.

Thailosiyo inali itangofika pa njinga yamoto kuchokera ku Boma. Inali ndi chithunzi choti chimatidwe pa chiliza cha malemuwo, bambo Bernard Sichali, chimene abale amayembekeza kudzachivundukula Loweruka kumudzi kwawo ku Kaseye. Bambo wa pachithunzicho anali wooneka bwino ndithu: khungu losalala, mano oyera ondandana, tsitsi ngati la wowerenga nkhani pa kanema. Kungoti sanali a Sichali.

Malemuwo sankakonda kujambulitsa. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, cha pa ukwati wa msuweni wawo, ndipo denga litadontha chaka china nkhope inachita chimbuuzi. Trevor ndiye anadzipereka kuti achikonza. Anapita nacho kwa mnzake Welcome, amene ali ndi kashopu kosindikiza zithunzi pafupi ndi msika wa ku Boma, ndipo anachilowetsa mu pulogalamu ya pafoni yomwe akuti imatsitsimutsa zithunzi zakale. Chinatuluka chowala. Awiriwo anagundana mapewa, n'kulamula kuti chisindikizidwe pa thailosi osaonetsako wina aliyense. Trevor ankafuna kuti amayi ake adzadabwe. Anadabwadi.

Tamara anamufunsa kumene kwapita chipsera cha pachikope, chimene ng'ombe ya pangolo inawasiyira adada. Nanga mpata wa mano uja? Trevor anayankha kuti pulogalamuyo inangochotsa zothimbirira, ndipo iye Tamara za mafoni amangodziwa kuyimba basi.

"Ndiye adada anali chothimbirira?" anatero Tamara.

A Pius anaona kuti awaleretse. Anati nthawi yatha, abale a ku Nakonde ndi ku Mzuzu anyamuka kale, ndipo pa chiliza anthu amadzera nyimbo ndi nyama, osati kuyang'anitsitsa mphuno ya munthu. "Alamu, akulu anga anavutika ndi khasu moyo wawo wonse. Apa akuoneka ngati bwana. Asiyeni atcheneko."

Tamara anatuluka panja. Anakaitana madamu Evelyn, mphunzitsi wa makompyuta pa sekondale, amene amachita lendi nyumba yoyandikana nayo. Madamuwo, a ku Ntcheu, analonjera amama m'Chitumbuka chawo chophunzirira ukulu, kenako anapempha kuona chithunzi chakalecho kuti afananitse.

Trevor anakanda kumutu. Anati anachisiya kwa Welcome, poti chatsopano chinali chitapezeka. Tamara anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kugwira chipumi.

"Pulogalamu imeneyi sinawaonepo a Sichali," anatero madamu Evelyn. "Inaonetsedwa nkhope za anthu ambirimbiri, ndiye ikafika pamene pafufutika imadzazapo zimene ikuganiza kuti nkhope imayenera kukhala nazo. Siikumbukira, Trevor. Imapeka."

Anafotokozanso kuti pulogalamuyo si yoipa. Imatha kuwalitsa chithunzi chakuda ndi kufufuta mikwingwirima pa jekete. Koma ikakhudza nkhope, munthu amene ankamudziwa mwini nkhopeyo ayenera kuona kaye chisanasindikizidwe, ndipo choyambiriracho sichitayidwa. Kenako analoza khanda limene Tamara anabereka kumbuyo. Anati mwanayo sanawapeze agogo ake. Chimene adzaone pachiliza ndicho adzakhulupirire, ndipo akadzakula sipadzakhala womutsutsa.

Trevor anafuna kunena kuti onse a ku Boma akuchita zomwezo, koma amayi ake anamuyang'ana, ndipo anadzuka n'kukasaka njinga yamoto.

Anachipeza mwamwayi. Welcome amataya mapepala otha ntchito m'katoni, ndipo amayi ogulitsa mandasi amadzatenga kuti azikulungira makasitomala. Katoniyo inali itachoka kale. Trevor anayenda benchi ndi benchi mumsika, akufunsa ngati wina waonapo chithunzi cha bambo wa jekete labulauni, mpaka mayi wina anachisolola pansi pa beseni. Pakona panali patagwera mafuta.

Trevor atabwerera masana, mayi Namukonda anaika zithunzi ziwirizo pamiyendo. Chakalecho chinali chimbuuzi monga kale, koma kamzere ka pachikope kamaoneka, ndipo munthuyo anaima mopendekera kumanzere, momwe ankaimira podikira kuti ng'ombe zimwe. Mayiwo anachiyang'ana nthawi yaitali. A Pius anakumbutsa kuti chimenechi alendo sadzazindikira n'komwe kuti ndi ndani, komanso kuti thailosi ina mwina siifika Loweruka lisanakwane. Madamu Evelyn anati iwo anena zimene akudziwa, zotsalazo n'za eni ake.

"Pachiliza paikidwe ichi, momwe chililimu. Chikachedwa, abale adikira," anatero mayi Namukonda. Kenako anapereka thailosi ija kwa Tamara. "Winayu musamutaye. Kamuikeni m'chipinda mwanga."

Phunziro: Makina akakukonzerani chinthu, onetsani kaye amene akuchidziwa musanachimate pa mwala, ndipo choyambiriracho musataye.