Foda ya Maulaliki a Bambo Makwinja

Mu mpingo wathu wa ku Ching'ambo, mumzinda wa Mzuzu, munalibe munthu wolalikira ngati bambo Foster Makwinja. Akakwera pa guwa, ngakhale ana a ku yunivesite, amene ena amabwera kutchalitchi kudzangoonetsa nsapato, ankaika mafoni m'thumba. Bamboyo ankalandira mayamiko ataweramitsa mutu, n'kumati ndi chisomo chabe.

Chisomocho chinali ndi dzina, ndipo chinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo. Anali mayi Jenet, akazi awo, amene ntchito yawo inali kutaipira ophunzira mapepala a sukulu pa kompyuta yakale. Mwana wawo Pilirani, asanapite kukagwira ntchito ku Lilongwe, analumikiza kompyuta ya mayi ake ndi laputopu ya bambo ake, n'kupanga foda imodzi yoti onse awiri aziiona. Lachisanu mayi ankalemba ulaliki n'kuuponya mmenemo, Loweruka bambo ankatsegula n'kuupeza ngati mana m'chipululu. Zaka zisanu ndi chimodzi bamboyo sanapemphepo, sanathokozepo, ndipo nkhaniyo sinatchulidwepo m'nyumbamo. Anafika pozolowera moti ankangosindikiza n'kupinda, kukauwerenga koyamba ali pa guwa pomwepo. Ati kuti Mzimu usazizire.

Ndiye Lachitatu lina akulu a mpingo anakambirana zoti amayi nawonso azilalikira. Bambo Makwinja anaimirira n'kunena kuti mutu wa mzimayi ndi wabwino pa kwaya ndi pokongoletsa tchalitchi, koma kumasulira Malemba kumafuna mutu wa mwamuna. Anawonjeza kuti wokayika angomvetsera maulaliki awo. Nkhani ku Mzuzu siidikira kabaza, ndipo iyi inafika kunyumba eni ake asanafike. Mayi Jenet anawaikira madzi osamba ndi chakudya monga mwa masiku onse.

Loweruka m'mawa foda inakana kutseguka. Pa sikirini panabwera mawu achingerezi onena kuti munthu ameneyu alibe chilolezo. Bamboyo anawerenga kawiri, n'kuona kuti mawu otere sangakhale akunena iwo m'nyumba yawo yomwe. Tsono mawa lake linali tsiku lawo lolalikira, komanso kunkabwera alendo ochokera ku likulu la mpingo, amene anali atauzidwa kale kuti ku Ching'ambo kuli mlaliki.

Anazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Anazula rauta, kuipukuta ndi mpango, kuiika pamwamba pa kabati, kenako pawindo. Mlandu woyamba unagwera chifunga, kuti chalowa m'mawaya. Wachiwiri unagwera ophunzira ochita lendi kuseri kwa mpanda, kuti akuba netiweki. Anaimbira Pilirani, amene anangofunsa ngati awafunsa amayi, ndipo bamboyo anadula foni akudandaula kuti mwanayu Lilongwe yamuwononga. Nthawi yonseyi kukachipinda kuja kunkamveka mayi akutaipa, chitseko chili chotsegula, masitepe asanu ndi awiri okha kuchoka pabalaza.

Masana anaimbira shopu ina ya makompyuta ku Zolozolo kuti itumize katswiri. Kunabwera mayi wina wonyamula chikwama cha zida, dzina lake Penjani. Bamboyo anasuzumira kumbuyo kwake kudikira katswiriyo, mpaka Penjani anawauza kuti shopuyo ndi yake.

Penjani anayesa mawaya, anayesa rauta, anapeza kuti makompyuta awiriwo akuonana bwinobwino. Analowa kwa mayi Jenet, anapatsana monire, anayang'ana pa sikirini mphindi imodzi yokha, n'kubwerera pabalaza akulimbana ndi milomo yake kuti isaseke.

"Adada, netiweki yanu ili makora chomene," anatero Penjani. "Foda ndi ya amama. Dzina lanu alichotsa pa anthu ololedwa, ndipo wobwezerapo ndi mwini wake basi."

Bamboyo anatsitsa mawu n'kufunsa ngati palibe njira yolowera chakumbuyo. Penjani anati ilipo, koma iye amakonza makompyuta, sathyola nyumba za anthu. Anati yewo n'kumapita.

Apa ngakhale ine ndimawamvera chisoni. Anakhala ola lathunthu ndi Baibulo, cholembera ndi pepala, ndipo chimene chinatuluka ndi "Abale ndi alongo" basi. Dzuwa litapendeka ananyamuka n'kukaima pakhomo pa kachipinda kaja ngati mlendo.

"Mayi a Pilirani, foda ija ikuvuta."

"Siikuvuta, bambo a Pilirani. Ndaitseka."

Mayiyo anasiya kutaipa n'kudikira. Bamboyo anakanda m'mutu n'kunena kuti mawa kuli alendo. Kupepesa kunafika pakhosi n'kubwerera. Mayi Jenet anatembenukira ku kompyuta, n'kuwauza kuti awapatse theka la ola. Nthawiyo itakwana foda inatseguka. Bamboyo anasindikiza, anapinda, anaika m'Baibulo, mtima uli m'malo.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka pakhonde. Ulaliki unali wa amayi amene analawirira kumanda n'kukhala oyamba kutumidwa ndi uthenga wa kuuka, pamene amuna anali atadzitsekera m'nyumba chifukwa cha mantha. Bamboyo anafika tsamba lachiwiri asanazindikire kumene akulowera, ndipo pamenepo n'kuti amayi atayamba kale nthungululu, alendo akugwedeza mitu n'kumalemba. Pobwerera panalibe. Choncho anakweza mawu n'kudzitsutsa okha mwaluso kuposa mmene analalikirapo chiyambire.

Pansi pa tsamba lomaliza panali mzere umodzi wongoima pawokha. Unkanena kuti ulaliki uwu, pamodzi ndi ena onse a zaka zisanu ndi chimodzi, anaulemba ndi Jenet Makwinja. Maso anaufika pakamwa pasanafike, ndipo bamboyo anaima. Anamwa madzi. Tchalitchi chonse chinakhala chete, anthu akuganiza kuti ndi luso la mlaliki. Pa benchi yachitatu mayi Jenet anali atakhala mowongoka, manja ali pamiyendo, akuwayang'ana mwamuna wawo ndi nkhope yachiyembekezo imene bamboyo anali asanaionepo kwa zaka zambiri. Sankafuna guwa, ankangofuna kumva mzere umodziwo.

"Amen," anatero bambo Makwinja.

Mpingo unayankha mwamphamvu, ndipo mayi Jenet anayankha nawo. Panja alendo anawagwira bamboyo chanza ndi manja awiri, kuwayamikira kulimba mtima, n'kuwapempha kuti sabata yotsatira akalalikire pa msonkhano waukulu wa mipingo yonse ya mumzinda. Bamboyo anaweramitsa mutu n'kuvomera.

Loweruka lotsatira anayatsa laputopu m'mawa. Foda inatseguka popanda vuto lililonse. Munalibe kanthu.