Diresi la a Margret linakana kuchepa

Akazi anga, a Margret, anali ndi diresi limodzi la chitenje, lobiriwira, la maluwa achikasu. Nsaluyo anabwera nayo kuno kunja kuchokera kwathu ku Ntcheu. Asanapite nayo kwa telala wa kudera la Nyanga anayamba ainyika m'madzi a mchere tsiku lonse. Ine ndinkangoseka.

"Nsalu yatsopano mukuithira mchere ngati matemba?"

"Inu dziwani za kabichi wanu wa kuminda ya ku Philippi," anatero. "Nsalu imachepa ikalawa madzi koyamba. Ichepe lero, isadzachepere pathupi panga."

Zaka zonsezo diresilo linali ndi malamulo ake. Madzi ozizira basi. Kuchapa ndi manja, osalifikisa. Kulitembenuza, kuliyanika pamthunzi kuti dzuwa la kuno lisalisulutse. Ine kuligwira kokha unali mlandu.

Kenaka a Margret anadwala. Thupi linatha. Mdzukulu wathu, mwana wa Chifuniro, amati abatizidwe Lamulungu, ndipo iwo anati salowa m'tchalitchi ndi chovala china. Atayesa diresilo linangolendewera ngati lili pa msomali. Anakhala pabedi n'kundiitana.

"Bambo a Chifuniro, wiritsani madzi."

"A tiyi?"

"A diresi. Lichepe, lindipeze kumene ndafika. Sindifuna anthu azikayang'ana ine m'malo moyang'ana mwana."

Ndinati tipite kwa telala. Anakana, ati lumo lisalikhudze, mwina thupi lidzabwerera. Ndiye ndinawiritsa madzi mu ketulo, kuthira m'beseni, n'kulinyikamo. Ndinaliyanika padzuwa penipeni, mphepo ikulikupiza. Zonse zimene ankandiletsa ndinachita tsiku limenelo, iwo akundiyang'ana pakhomo.

Litauma tinayesanso. Silinachepe ngakhale pang'ono.

A Margret anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinaliphunzitsa ndekha. Lamva zanga zakale, zatsopanozi lakana."

Lamulungu m'mawa ndinawaimika pafupi ndi zenera. Ndinapinda nsalu kumsana, n'kumanga ndi mapini kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno. Zala zanga n'zakhasu, ndinawabaya kangapo.

"Mukundisoka ine kapena diresi?"

"Khalani chete, mayi. Telala ali pantchito."

Pamwamba ndinawafunditsa juzi kuti mapiniwo abisike. Kutsogolo diresi linakhala bwinobwino ngati kale. Kutchalitchi anamunyamula mwana, anthu n'kumayang'ana mwanayo. Ine ndinaima kumbuyo kwawo, dzanja lili pamsana pawo, ndikumva mapini aja pansi pa juzi.

Mwezi wotsatira anatisiya. Anapita ndi yunifolomu yawo ya Mvano, diresi linatsala ndi ine. Mapini ndinachotsa, poti amachita dzimbiri n'kudetsa nsalu. Timabowo take tikuonekabe ukaliyang'ana padzuwa.

Chifuniro amati ndimupatse akalichape mu makina kuntchito kwake. Ndimakana. Ndimalichapa ndekha, madzi ozizira, n'kulitembenuza. Pamthunzi limachedwa kuuma, ndiye ndimakhala pompo kulidikira.