Mwini Wake Abwere Yekha

Kapepala kanafika m'dzina la bambo anga, konena kuti kuli phukusi lawo ku positi ofesi. Ndinkadziwa kale chomwe chinali m'katimo, chifukwa mkulu wanga amene amagwira ntchito kunja anali atandiimbira kangapo kufunsa ngati lafika. Anatumiza kamakina kovala m'khutu, kothandiza munthu wogontha kumva.

Bambo anagwira ntchito zaka zambiri mu fakitale yowomba nsalu, pakati pa makina olira tsiku lonse. Pamene ankapuma pa ntchito anabwera kunyumba ndi wotchi ya pakhoma yomwe anawapatsa, komanso makutu akufa. Poyamba ankamva ukawayandikira. Kenaka zinafika poti ngakhale kufunsa kuti "Mwadzuka bwanji?" ndinkachita kukuwa, mpaka oyandikana nafe nyumba ankayankha kuseri kwa khoma kuti tadzuka bwino kaya inu. Mkulu wanga akaimba, bambo ankakanikiza foni mpaka khutu kufiira, n'kumangoti, "Eya mwanangu, eya," pomwe sakumva kalikonse. Pondibwezera foniyo ankandifunsa kuti wati chiyani.

Chaka chimenecho mtima wawo unayamba kufooka. Miyendo inatupa, ndipo kuchoka pabedi kufika kubafa unali ulendo wofuna kupumira panjira. Adokotala sanatibisire. Mkulu wanga sakanatha kubwera chifukwa mapepala ake anali asanatuluke, ndipo akanachoka kumeneko sakanamulolanso kubwerera. Tsiku lina ndikuwapukuta kumsana, bambo anati, "Nkhope ya mkulu wako ndimaiona pafonipo, koma mawu ake ndawaiwala. Ndikufuna ndimumve ndisanapite."

Ine ndimasita zovala pa hotela. Ndinapempha nthawi kwa abwana n'kuthamangira ku positi ofesi, kapepala kali m'manja, ndikuganiza kuti ndikungokatenga n'kubwerera.

Holo yake ndi yaikulu, ya mazenera ambiri, koma lotsegula limakhala limodzi. Padenga pali fani yomwe sindinaionepo ikuzungulira. Pa kauntala anamangirirapo cholembera ndi chingwe kuopa akuba, ngakhale wakuba wake angakhale wopusa, chifukwa cholemberacho chinasiya kalekale kulemba. Kuseri kwa zenera lotsegulalo kumakhala bambo wina wa magalasi okwezedwa pamphumi. Anthu a pamzere anamupatsa dzina loti a Lamulo, popeza chilichonse chotuluka pakamwa pake chimayamba ndi mawu amenewo.

Nditafika kutsogolo anayang'ana kapepalako, osati ine.

"Ndinu eni ake?"

"Ndine mwana wawo. Eni akewo akudwala, sangathe kuyenda."

"Lamulo lake timapereka kwa mwini wake. Bweretsani chiphaso chawo."

Chomwe chinandiwawa n'choti phukusilo ndinkaliona. Linali pa shelefu kumbuyo kwake, kabokosi kakang'ono kokulungidwa ndi tepi yachikasu, pamwamba pali malemba akuluakulu opendekera a mkulu wanga. Akanangotembenuka osadzuka n'komwe pampando, dzanja lake likanafika.

Ndinabwera ndi chiphaso. Tsiku limenelo netiweki kunalibe, ndipo tonse tinabalalika ngati anthu ochokera kumaliro. Nditabweranso, a Lamulo anatembenuza chiphasocho uku ndi uku n'kunena kuti chiphaso chokha sichikwanira, pafunika kalata yosainidwa ndi mwini wake yondiloleza kutenga.

"Bwanji simunandiuze tsiku lija?"

"Simunafunse, amayi."

Pakamwa panga anthu amapadziwa. Kuntchito amati ndikayamba kulankhula ngakhale ayironi imazizira. Koma ndinameza, chifukwa munthu sukalipira amene wagwira chinthu chako.

Kalatayo ndinalemba ine. Bambo ndinawatsamiritsa pa mapilo, pepala ndinaliika pa thireyi, ndipo anasaina dzanja likunjenjemera. Kale siginecha yawo inali yonyada, ya mchira wautali wopindikira pansi. Imene inatuluka tsiku limenelo inali ngati njira ya nyerere. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

A Lamulo anatsitsa magalasi, n'kuika kalata pambali pa chiphaso.

"Izi sizikufanana."

"Dzanja lawo likunjenjemera. Ndinakuuzani kuti akudwala."

"Ine sindikukana kuti akudwala, amayi. Koma ndikapereka, mawa wina n'kubwera kuti katundu wanga munapatsa ndani, ntchito ithera ine. Inenso ndili ndi ana."

"Ndiye ndionane ndi abwana anu."

"Ali ku msonkhano."

Abwana amenewo sindinawaonepo. Ndinabwera m'mawa, ndinabwera masana, chitseko chawo chili chotseka. Ndinayamba kukayika ngati m'chipindamo munakhalapo munthu. Kuhotela nako abwana anga anandifunsa ngati positi ofesi yandilemba ntchito, kuti adziwe apeze wina wosita. Kunyumba, ndikangotsegula chitseko, maso a bambo ankathamangira m'manja mwanga. Ankaona kuti mulibe kanthu, n'kutembenukira kukhoma. Mkulu wanga naye pafoni ankangoti, "Kodi kungotenga kabokosi kukukuvuta?" Ndinamuyankha kuti akwere ndege adzatenge yekha, kenaka ndinadula foni n'kukalirira kubafa.

Ulendo wotsatira a Lamulo ananditsanzika ndi mawu atsopano. Anati phukusi likakhalitsa osatengedwa limabwezedwa komwe linachokera, ndipo lathuli likafika kumapeto kwa mwezi libwerera.

"Ndiye nditani?"

"Mwini wake abwere yekha."

Ndinawauza bambo, ndikukuwira m'khutu mwawo mawu amodziamodzi. Atamvetsa anati, "Undisitire malaya oyera aja. Utulutsenso jekete."

Ndinakana. Ndinawakumbutsa zomwe adokotala ananena, kuti asamavutitse mtima. Iwo anangoti mtimawo ndi wawo.

Mpando wa matayala tinabwereka kwa oyandikana nafe, womwe amayi awo ankagwiritsa ntchito asanamwalire. Jekete linawakulira, mapewa ake ali lendelende. Nsapato zinakana kulowa chifukwa cha kutupa, ndiye anavala masilipasi a kubafa. Zimenezi zinawapweteka kuposa matenda. Munthu amene moyo wake wonse sanatulukepo panja nsapato zosapolisha anapita m'tauni atavala jekete ndi masilipasi, ndipo m'takisi monse ankakokera buluku pansi kuti abise mapazi.

Pakhomo la positi ofesi pali masitepe okhaokha. Woyendetsa takisi anagwira mbali imodzi ya mpando, bambo wina wodutsa anagwira inayo, ine kumbuyo. Titalowa, anthu a pamzere anatipatsa njira osapemphedwa. Koma pazenera panali kachikwangwani koti abwera posachedwa. Tinadikira. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa bambo n'kunyowetsa kolala yomwe ndinasita, ndipo kupuma kwawo kunkamveka patali. Ndinkawakupiza ndi envulopu ya kalata ija.

A Lamulo anabwera akupukuta m'manja, n'kuchotsa kachikwangwaniko.

"Ndabwera nawo," ndinatero.

"Ali kuti?"

Kauntalayo ndi yaitali, munthu wokhala pampando saoneka. Ndinawauza kuti asuzumire. Anadzuka, n'kutulutsa mutu pazenera, n'kuona nkhalamba ya jekete ikuwefuka pansipo. Bambo anakweza dzanja kupereka moni. A Lamulo anabwerera pampando. Kenaka anati popeza siginecha ikuvuta, bambo adinde chala.

Inki inali itauma. Anadontheza madzi a m'botolo lake pa kansanza ka inkiko n'kukapaka ndi chala. Ndinanyamula mkono wa bambo kuufikitsa pamwamba, n'kukanikiza chala chawo chachikulu papepala. Chidindo chomwe chinatuluka chinali chotuwa, chosaoneka n'komwe mizere, choti chala cha munthu aliyense m'holomo chikanatha kudinda. Chimenecho anachilandira. Anatembenuka osadzuka pampando n'kutenga kabokosi kaja.

Sindinadikire kufika kunyumba. Ndinakankhira mpando pafupi ndi benchi, n'kung'amba tepi ndi mano. Kamakinako kanali kochepa ngati nyemba. Ndinatsatira zithunzi za pa kapepala ka m'katimo, ndinaika kabatire, n'kukalowetsa m'khutu mwawo. Ndisanaone n'komwe ngati kayaka, mawu anachokera kuzenera.

"Amayi, mwatseka njira. Lamulo lake katundu sitimasulira muno."

Apo ndiye zonse zomwe ndinkameza zinabwerera. Ndinapita pazenera paja n'kumuuza. Ndinamuuza za masabata omwe kabokosi kanakhala kumbuyo kwake akukaona, za ntchito yanga yomwe inatsala pang'ono kutha, za munthu wodwala mtima amene tamukweza masitepe ngati thumba kuti adzadinde chala pa madzi. Ndinamufunsa ngati lamulo lakelo lidzamunyamule iyeyo tsiku lomwe miyendo yake idzatupe.

Ndinamva wina akukoka diresi langa kumbuyo.

"Mwanangu, ukukuwiranji?"

Ndinatembenuka. Bambo anali atagwira khutu, maso ali pa ine. Ndinawerama n'kufunsa motsitsa, mawu omwe ndinali ndisanawalankhule nawo kwa zaka.

"Bambo, mukundimva?"

"Ndikukumva. Tauni yonse ikukumva." Anapuma kaye. "Mawu ako akhala ngati a malemu mayi ako. Nawonso akapsa mtima sankapuma."

Ndinaimbira mkulu wanga pomwepo. Atayankha sindinalonjere n'komwe, ndinangoika foni pakhutu la bambo. Ndinamva kamawu kake kakufunsa kuti ndani, zatheka kodi. Bambo anatsinzina.

"Ndine, mwanangu. Usandifunse kanthu. Ingolankhula."

Analankhula. Sindikudziwa zonse zomwe ananena, ndinkangomva zidutswa, za chipinda chake, za kuzizira, za basi yomwe amakwera popita kuntchito, kenaka kulira, kenaka kuseka. Bambo sanati "eya" ngakhale kamodzi. Anangokhala chotsinzina, milomo ikugwedezeka pang'ono, misozi ikutsikira pa jekete. Kuzenera chidindo cha a Lamulo chinayambanso kugunda, mzere ukusuntha.

Ulendo umenewo unawamaliza bambo mphamvu. Titafika kunyumba anagona, ndipo sanadzukenso pabedi paja. Koma ankamva. Ankadandaula kuti mpopi wa kukhitchini ukudontha, kuti chitseko chikulira chikufuna mafuta, kuti wotchi yomwe anawapatsa ku fakitale imasokosa chonchi kodi. Madzulo alionse mkulu wanga ankaimba, ndipo ankacheza mpaka foni kutentha. Ine ndinkakhala m'mphepete mwa bedi n'kumawauza za kuhotela, za alendo osiya ndolo m'matumba a malaya, motsitsa ngati anthu awiri wamba.

Tsiku lina ndikuwamwetsa madzi anandigwira dzanja.

"Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti umandikwiyira," anatero. "Ndinkangoona nkhope yako ukukuwa. Ndinkati mwana watopa nane."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinali nditawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi, osadziwa kuti munthu wokuwa nkhope yake imaoneka yaukali ngakhale akufunsa ngati wadzuka bwino. Ndinawauza kuti sindinatope nawo, ndipo ndinanena monong'ona kuti aone kuti zikutheka.

Anamwalira m'mawa wina dzuwa litangolowa m'chipinda, kamakina kali m'khutu. Masiku omwe anamva anali ochepa kuposa omwe kabokosi kaja kanakhala pa shelefu. Zimenezi sindinazikhululuke, ndipo sindinamizira kuti ndinazikhululuka.

Patapita milungu ingapo chiikireni maliro, kunabwera kapepala kena m'dzina lawo. Mkulu wanga anali atatumiza mabatire ambiri bambo akadali moyo, oti akwane chaka chonse. Ndinafuna kungokataya, koma mtima sunalole kuti chinthu cholembedwa dzina la bambo chibwezedwe ngati chopanda mwini. Ndinatenga satifiketi ya imfa ndi chiphaso changa n'kupita.

Fani inali chiimire. Mzere unali womwewo, zenera lomwelo. Ndinali nditakonzeka kumva kuti mwini wake abwere yekha, ndipo yankho lake ndinali nalo kale pa lilime.

A Lamulo anatsitsa magalasi n'kuwerenga satifiketiyo. Anayang'ana chiphaso changa, anadinda, n'kundisonyeza posaina. Anandibwereka ngakhale cholembera cha m'thumba mwake. Kenaka anatembenuka n'kuika kabokosi ka tepi yachikasu patsogolo panga. Zonsezi zinatha msanga kuposa kusita malaya amodzi.

"Pepani ndi zovutazi," anatero, ndipo ndikukhulupirira kuti ankanenadi zoona. "Mwaonatu amayi, mapepala akakhala okwanira ife sitivuta."

Ndinatsegula pakamwa, ine amene anthu amandidziwa, koma sipanatuluke kanthu. A Lamulo anali atakweza kale magalasi n'kuitana wotsatira.

Ndinaika kabokosiko m'chikwama n'kutsika masitepe aja. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, ndipo njira yonse timabatire tinkagundana m'katimo, tcheketcheke, tcheketcheke. Ine makutu anga alibe vuto, ndinamva tonse.