Mawu Obwereka a Elube

1.
Musataye za m'foni muja, aKachingwe. Zimene mwana wanga anakusiyirani ndi pakamwa pake musazitaye chifukwa cha zinthu zobwereka.

NaGama ananena. Ananena atafulatira, maso ali kukhola la nkhuku, poti mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso, sakhala mphasa imodzi, sapatsirana chinthu pamanja. Mkamwiniyo anali kuseri kwa mpanda wa udzu, pa makina ake osokera. Makina analira, analira, kenako zii.

Ndamva, amayi.

Sanamve.

2.
Elube anali mwana wa NaGama, mkazi wa Kachingwe telala, mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo asanayambe kudwala chifuwa chimene chinamutenga ankapita ku laibulale Loweruka lililonse kukawerenga buku mokweza pamaso pa kamakina kojambula mawu, ati n'cholinga choti osaona ndi osadziwa kuwerenga azimvera pa foni, ndipo amayi ake anamuletsa kuti iwe mawu sasiyidwa m'nyumba za eni ngati ambulera, koma iye anangoseka, nawerenga buku lonselo mpaka kumapeto, nadwala, namwalira mvula yoyamba isanagwe.

Maliro anatha. Anthu anameta. Kachingwe anatsala pamudzi pa akazi ake ndi makina, ndi foni yong'aluka galasi.

3.
Ku laibulale kunali Mayi Chikoti, wa magalasi omangirira ndi kachingwe m'khosi.

Ati buku la mayi akunyumba lilipo? anafunsa Kachingwe, chipewa chili m'manja.

Lilipo, bambo. Mukalikopera m'foni mwanu mumvera ngakhale kulibe netiweki. Koma n'lobwereka. Nthawi yake ikakwana limabwerera lokha.

Lokha? Lili ndi miyendo?

Mayi Chikoti anaseka. Kachingwe anasekanso, koyamba chiikireni maliro. Za kubwerera zija zinalowa khutu ili n'kutulukira ilo.

4.
Foni inavuta. Zimene inanena, monga anazimva NaGama mkamwini akudandaula yekha kuseri kwa mpanda:

khadi lanu la laibulale linatha ntchito
nambala yachinsinsi si imeneyi
netiweki yathawa
bandulo yatha
dikirani
dikirani
dikirani
malo atha

Khadi anakalikonzetsa. Nambala anaikumbuka. Netiweki anakaipeza pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ataimika dzanja m'mwamba ngati wolumbira. Bandulo anagula.

Malo.

Mayi Chikoti anati, gulani kamemori khadi, bambo, Lachisanu pamsika amabwera nato. Kachingwe anati Lachisanu n'kutali.

5.
Ana inu, foni ndi kankhokwe kakang'ono. Kakadzaza kadzaza.

M'foni ya Kachingwe munadzaza Elube. Mauthenga a mawu, aja munthu amalankhula n'kutumiza. Bambo a kunyumba, mugule sopo. Bambo a kunyumba, mbuzi za aZimba zalowanso m'dimba. Inu aTelala, mwandisokera diresi ngati thumba la feteleza, ndikavale kuti? Kuseka. Kutsokomola. Ena ochokera kuchipatala, aafupi, mpweya uli pamwamba.

Kachingwe anaganiza ngati telala. Izi ndi zidutswa, tinsanza ta apa ndi apo. Bukulo ndi nsalu yathunthu, Elube kulankhula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osaima. Ndani angakakamire zidutswa nsalu yonse ili apo?

NaGama ananena. Ananena atafulatira.

Chala chinadina. Foni inafunsa ngati watsimikiza kufufuta. Chala chinadinanso.

6.
Ndiye Elube analankhula.

NaGama anali kusenda mtedza. Lichero linagwa, nkhuku n'kuunjikana, iye osaziingitsa. Mawu a mwana wake, enieni, ndi kaja kokoka mpweya asanayambe ndime, akutuluka pakhonde la mkamwini masana dzuwa likuswa mtengo. Chapatali m'mawumo munkamveka mvula ikugunda malata.

Mayo ine.

Anafuna kuthawa. Miyendo inamutengera kumpanda.

Tsiku limenelo ndi masiku otsatira mtedza unkasendedwa pampanda pomwepo, msana utatsamira udzu. Mbali inayo makina ankasoka pang'onopang'ono kuti asaphimbe mawu. Anthu obwera ndi zigamba ankakhala pansi osachoka. AZimba anadzatenga thalauza lawo n'kulitambasula.

A Telala, mwendo uwu ngwa ine, nanga winawu ngwa ndani? Wa mwana wa sukulu?

Bwerani mawa, ndikonza.

Mawa ndibwera ndithu, koma osati chifukwa cha thalauza. Ndikufuna ndimve ngati mkazi wa m'bukuyo ampeze mchimwene wake.

7.
Linali tsiku lamitambo. Elube ankawerenga kuti, ndipo atafika pamlatho anaona

Basi.

Kachingwe anagwedeza foni. Anaipukuta pamalaya. Anaizimitsa n'kuiyatsa. Anachotsa batire n'kuiuzira. Anathamangira pachulu, tepi yoyezera ikulendewera m'khosi.

Nthawi yanu yobwereka yatha. Buku labwezedwa.

Ndani wabweza? anakuwa Kachingwe pachulu paja, amayi opita kumadzi n'kuima. Ine sindinabweze! Ndani walowa m'thumba mwanga?

NaGama kumpanda anangoti kakasi, mtedza uli m'manja. Chinthu chotuluka chokha m'thumba la munthu, chitseko chosatsegulidwa, galu osauwa. Iye anadziwa kale kuti zinthu zoterezi zilipo. Sankadziwa kuti zimabwerekedwa ndi khadi.

8.
Ndiwonjezereni masiku, mayi, anatero Kachingwe ku laibulale.

Sizitheka, bambo. Pakanakhala kuti palibe wina akulifuna bwenzi ndikuwonjezerani pompano. Koma pali anthu pamzere.

Mzere uti? Ine pano ndili ndekha.

Mzere wa m'makinamu. Limabwerekedwa kwa munthu mmodzi, akamaliza lipite kwa wina.

Ndi mkazi wanga.

Mayi Chikoti anavula magalasi. Ndikudziwa, bambo. Ndikulembani pamzere. Likafika kwa inu foni ikuuzani.

Ndiye usiku uno akulankhula m'nyumba mwa yani?

Mayi Chikoti anavalanso magalasi, namulemba pamzere.

9.
Mverani, ana inu, poti inu mumayenda ndi timafoni m'manja ngati mwabadwa nato.

Musamadine chinthu mtima uli m'mwamba.
Chikakufunsani kawiri, dziwani kuti chaona zimene inu simunaone.
Lachisanu si kutali.
Wakuchenjezani atafulatira musamuyese kuti sakuona.

Kachingwe anadikira. Chimanga chinamera, chinafika m'mawondo, chinamasula. Foni ankagona nayo, ankasamba ili pamwala pafupi. Ikalira, lumo linkagwa. Nthawi zonse anali munthu wofunsa za yunifolomu.

Anatsegula pamene pankakhala mauthenga aja. Poyera ngati pabwalo posesa.

10.
Uthenga unabwera chimanga chikucha. Buku lanu lafika.

Kachingwe anasamba. Anavala malaya a kutchalitchi. Pamsika anali atagula kale kamemori khadi, malo mbwee. Anakweza mawu kuti afike kumpanda, pakuti ankadziwa, ngakhale sananenepo, kuti kuseri kuja kumakhala munthu. AZimba anabwera ndi mpando wawo.

Anadina.

Mutu woyamba, anatero mwamuna wina wa mawu onenepa ngati wa pa wailesi.

Mwamuna.

AZimba anayang'ana pansi. Kachingwe anadumphitsa mutu wachiwiri, wachitatu, wapamlatho uja, wotsiriza. Mwamuna, mwamuna, mwamuna.

Ku laibulale anafika wapansi, njinga ataiiwala.

Mwandipatsa lolakwika, mayi.

Ndi lomwelo, bambo. Analijambulanso. Anthu ankadandaula kuti loyamba lija mukumveka mvula pamalata, ndiponso wowerenga akutsokomola chakumapeto.

Loyambalo lili kuti?

Mayi Chikoti anasakasaka pa kompyuta nthawi yaitali, anaimba foni kwa amene amasunga zojambulazo, anamvetsera, anati zikomo, n'kuika foni pansi mwaulemu ngati dzira.

Akuti analichotsa. Malo anawathera.

11.
NaGama anali pakhomo pake akupeta. Anaona mapazi a mwamuna ataima m'bwalo lake, nsapato za kutchalitchi zili fumbi lokhalokha. Anatembenuka msanga kuti afulatire, monga mwa masiku onse.

Ayi, amayi. Lero ndiyang'aneni.

NaGama anatembenuka n'kumuyang'ana. Chikwatireni mwana wake, munthu uyu sanapondepo pabwalo limeneli. Tsopano anagwada pafumbi, pafupi moti NaGama anaona kuti mkamwini wake ali ndi imvi m'ndevu, ndi chipsera pachikope. Nkhope yachilendo.

Mwa mauthenga ndinataya aja, munali umodzi wa inu.

Wa ine?

Anautumiza ali kuchipatala, kutatsala pang'ono. Analemba pamwamba pake kuti, uwu ngwa amayi, muwapatse amvere okha. Ndinkafuna munthu woti adzakupatsireni foni pamanja, poti ine sindikanatha. Pamaliro anthu anali ambiri, ndinati adzamvera ena. Kenako ndinati mtima wanu uyambe watsika. Tsiku lodina lija ndinasankha onse pamodzi. Ndinakumbuka chala chitachoka kale.

Nkhuku inadumphira m'lichero. Palibe anaiingitsa.

NaGama anatsegula pakamwa, machenjezo onse amene anakhala nawo moyo wake wonse osatuluka ngakhale limodzi. Chinatuluka ndi kamawu kakang'ono.

Anati chiyani?

Kachingwe anayang'ana foni ili m'manja mwake. M'katimo mwamuna uja anali akuwerengabe chapansipansi, poti palibe anamuzimitsa.

Sindinaumvere, amayi. Sunali wanga.