Agalu Anga ndi Ndege ya Komanda Kimbrough

Ine musandiuze za Komanda Thaddeus Kimbrough. Ati anali ngwazi ya asilikali apanyanja, ati anatsogolera maulendo atatu opita kudziko la ayezi kumalekezero a kummwera. Ngwazi yake iti? Ine Orrin Pelkey wa ku Maine ku America ndinali mmodzi mwa anthu anayi oyendetsa agalu okoka zileyi pa ulendo wake wachiwiri, ndipo mpaka lero ndikamva dzina lakelo chakudya chimandikanika.

Agalu ndinali nawo khumi ndi mmodzi. Wotsogolera anali Minka, wamkazi, wa khutu limodzi logwa. Ndege ya Komanda itagwa kutali ndi msasa, ndinapita ndi agalu kukamutenga, ndipo ndi Minkayo anatibweza amoyo. Munthu wapanyanja amadziwa chinthu chimodzi basi, kuyang'ana kampasi n'kulunjika. Ndiye Komandayo atakhala pachileyi ankangokuwa, "Lunjika, Pelkey! Galu wakoyu waledzera kapena?" Minka ankaima, kununkhiza, n'kukhota. Pamene wakanapo ndikabaya ndodo, ayezi ankagumuka, pansi pake phompho losaoneka mathero. Kasanu konse zimenezi.

Sitima itabwera kudzatitenga, nyanja inali itayamba kale kuundana. Komanda analamula kuti ndege yakufayo ikokedwe mpaka kugombe. Anaikoka ndani? Agalu omwewo, masabata awiri, mapazi akutuluka magazi. Titafika nayo anandiitana.

"Iwe Pelkey, m'sitima muja pamalo a makola a agalu tiikapo ndege. Pofika masana ukhale utathana nawo."

"Kuthana ndi yani, bwana?"

"Wandimva."

"Chifukwa cha chiphakasa chothyoka mapikochi? Chidzaulukanso chimenechi?"

"Anthu a ku Boston akufuna kuiona. Akuluakulu a ku Washington nawonso."

Aaa! Mutu unatentha. Munthu ankafuna nyenyezi ina paphewa, ndiye agalu anga alipire ndi moyo. Komabe ndinadzigwira, chipewa ndinavula pa kuzizira konse kuja.

"Bwana, chonde, ndisiyireni Minka yekha. Azigona pabedi panga, azidya gawo langa. Mukanakhala kuti inu lero popanda iyeyu?"

"Ndikalola wako, anzako atatuwo abwera ndi awo. Pa sitima ya boma lamulo ndi limodzi."

Ife oyendetsa agalu tili ndi kachitidwe kathu. Zikafika poti agalu afe, umawapha wekha mwini wake. Umatenga mmodzimmodzi, kupita naye kuseri komwe anzake sakuona, kumupatsa nyama, kumukanda kukhutu, kenako chipolopolo chimodzi kunkhongo. Amafa akutafuna, osadziwa kanthu. Anzanga atatu aja anachita zimenezo mmawa womwewo, anabwerako maso ali psuu.

Ine ndinakana. Ndinatenga mfuti n'kuiponya pamapazi pa Komanda, anthu onse akuona.

"Kawapheni nokha! Mukamuyang'ane m'maso amene anakunyamulani, ngati ndinu mwamuna!"

Mumtima ndinkati achita manyazi. Ndinkati sangathe, ndipo akalephera iyeyo palibe wina angayerekeze. Uchitsiru wanga! Munthu uja sanakweze n'komwe mawu. Anangotembenukira kwa Dunleavy, kapitawo wa amalinyero.

"Tenga amuna anayi ndi mfuti. Pelkey akathandize kumanga ndege."

Anandikankhira kusitima. Ndili pamwamba, chingwe chili m'manja, ndinawaona akupita. Amalinyero amadziwa zingwe ndi mizinga, galu anamudziwira kuti? Anachita momwe anawaphunzitsira. Anafola mzere ngati ali pa perete, patali ndithu, agalu onse khumi ndi mmodzi ali pa unyolo umodzi, akugwedeza michira poyesa kuti kwabwera chakudya. Dunleavy anakweza dzanja.

"Ayi! Osati choncho, mbuli inu!" ndinakuwa, koma mphepo inandilanda mawu.

Mfuti zinalira pamodzi. Kenako kulira kwinako. Sindikufotokozerani kulira kumeneko, sindingathe. Palibe ndi mmodzi yemwe anafa ndi kuombera koyambako. Ankadumpha, kukokana pa unyolo, kulumana okhaokha chifukwa cha ululu, amalinyero akungoombera chiomberere.

Sindikumbuka kuti ndinatsika bwanji. Ndinangozindikira ndikuthamanga pa ayezi, ndagwa, ndadzuka, ndamugunda wina pachifuwa n'kumulanda mfuti.

"Chokani apa, zitsiru inu! Chokani!"

"Pepa, Pelkey," anatero Dunleavy, nkhope ili mbuu. "Ife tangouzidwa."

"Tseka pakamwa!"

Ndinayamba ndi amene anali pafupi, mmodzimmodzi, ndikuwatchula mayina. Minka anali kumapeto kwa unyolo, malo ake a masiku onse. Chipolopolo chinamuthyola chiuno. Atamva mawu anga anasiya kulira, n'kuyamba kudzikoka ndi miyendo yakutsogolo kubwera kwa ine, mpaka unyolo unamuletsa. Nyama yoti ndimupatse ndinalibe. Kuseri koti ndimutengere kunalibe. Anali ataona zonse, ndipo mfuti m'manja mwangamo anaiona.

Ndinagwada, ndinamukanda kukhutu lakugwalo. Ankafuna kundinyambita dzanja, moti ndinachita kumugwira pakamwa ndi kumutembenuza mutu kuti ndipeze nkhongo.

Nditaimirira, Komanda anali pamwamba pa sitima, wandifulatira, akuuza anthu kuti asamale phiko lisakhulike. Nyenyezi yake anaipeza chaka chomwecho. Ndimadana naye, ndipo ndidzafa ndikudana naye. Koma Minka anayenera kufa bwino, akutafuna nyama, ali ndi ine ndekha. Imfa imeneyo sanamumane ndi Kimbrough ayi. Ndinamumana ndine.