Kabwato ka M'makina a Wadson

Anthu a kuno ku Utale amati Bernadetta ngwapakamwa. Anene, pakamwa mpawo. Koma munthu amene sanagonepo akuganiza kuti mwana wake adzadya chiyani mawa asandiphunzitse kuyankhula. Ndikuuzani za makina a amuna anga, a Wadson. Mukamva muweruze nokha, ine ndatopa n'kudziweruza.

A Wadson kwawo kunali ku Phalula, kuno anabwera chikamwini. Asanandikwatire anakhala zaka zisanu ndi chimodzi kumigodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosamva mankhwala ndi makina osokera, aja opalasa ndi miyendo. Anzawo anabwera ndi masuti ndi magalamafoni, n'kumazunguza atsikana mitu. Iwo anakapempha malo pakhonde la sitolo ina ku Balaka, pafupi ndi siteshoni, n'kukhala telala. Lolemba kupita, Loweruka kubwera, m'thumba muli mchere ndi sopo.

Ana tinabereka anayi, atsikana atatu ndi mnyamata mmodzi, Feston. Atsikanawo sankandisowetsa tulo kwenikweni. Kwathu kuno munda ngwa mwana wamkazi, mwamuna amamupeza pamudzi. Koma mnyamata amachoka ndi manja ake okha kukakwatira kwa eni. Nanga manjawo akakhala osadziwa kanthu?

Ndipotu nyengo yake inali yoipa. Njala ya '49 inali itangotisiya mafupa okhaokha. Alangizi a boma ankayenda m'minda ndi chingwe, mzere ukangokhota pang'ono, mlandu. Thonje ulime chaka chathunthu, kumsika akakuuze kuti n'lakuda, mtengo atchule okha. Kenaka inabwera nkhani ya chitaganya, yakuti dziko lathu alilumikiza ndi la azungu a ku Halale. Ena ati minda yonse ilandidwa. Ena ati tiziyenda ndi chitupa ngati ku Joni. Ena ati bodza. Palibe ankadziwa, ndipo kusadziwako ndi kumene kunkatidya m'mimba.

Tsiku lina a Wadson anandiyitana kuseri kwa nkhokwe.

"Mayi a Feston," anatero, "mwanayu ndikumutenga ku Balaka. Khasu silimudyetsa. Munda akhoza kulanda, koma za m'manja salanda. Kaya kubwere chitaganya, kaya kubwere chiyani, munthu sayenda maliseche. Ndipo kumigodi ndikukana. Ndinapitako ine, zakwana. Mukumva mmene ndikutsokomolera."

Feston anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Abale inu, mwana uja anali ndi dzanja! Chaka chisanathe ankadula yekha kabudula wa kaki, kolala ya malaya n'kuikhazika bwinobwino kuposa bambo ake. Tsiku lomwe anandisokera bulauzi ndinapita nayo kutchalitchi ndikuyenda ngati mkazi wa kalaliki. Ndinati basi, mwana wanga wapulumuka.

Chaka cha '53 chitaganya chinabweradi, chifuwa cha a Wadson nacho chinakula. Anatsokomola magazi pakhonde paja, mwini sitolo n'kuwauza kuti akapume kumudzi. Makina anabwera pangolo, tinawaika m'nyumba pafupi ndi zenera. Ine ndinawauza, ndinawauzadi! Ndinati, "Bambo a Feston, itanani ankhoswe ndi alongo anu, munene pamaso pawo kuti makinawa nga mwana wanu."

"Iyayi," ankatero, "kuitana anthu ngati ndikufa? Ndichira. Komanso mlongo wanga Gladys si chilombo."

Anamwalira Lachinayi, mvula yoyamba isanagwe, osaitana munthu.

Mwambo mukuudziwa. Katundu wa mwamuna sapita kwa ana ake. Ana nga kuchikazi, katundu amabwerera kwa abale ake, kwa mwana wa mlongo wake. Si kuti sindinkaudziwa, iyayi. Ndinkaudziwa bwino kwambiri, ndipo apa ndi pamene pamandiwawa. Chaka cha njala chija mlongo wanga Japhet anafera kunyanja ya Chiuta kumene anakwatira. Ndine ndinatsogolera abale kukatenga njinga yake ndi maukonde ake. Mkazi wake Sofia anagwada, ana atatu atamuzungulira, ati tisiyireniko ukonde umodzi. Ine ndinamuyankha kuti, "Mwambo sindinaupange ndine." Njingayo tinasinthitsa ndi chimanga, ana anga n'kukhala moyo. Za ana a Sofia sindinafunse.

Tsono m'mawa wa tsiku lometa, alamu anga a Gladys anafika kuchokera ku Phalula ndi mwana wawo Jimu, ngolo ili pambuyo. Ngolo! Munthu akubwera kudzalira mlongo wake, wabwereka kale ngolo. Jimu ameneyu anali mnyamata wofatsa, wamkulu kwa Feston ndi zaka zitatu, koma singano sankadziwa n'komwe kuti imaloza kuti. Ntchito yake inali kuweta mbuzi.

Anthu ali panja kumetana, ine ndinalowa m'nyumba. Pansi pa singano ya makina pali kachitseko kachitsulo. Ukakankha, m'katimo mumakhala kachitsulo kosongoka, kotalika ngati chala, kosunga ulusi wapansi. A Wadson ankakatcha kabwato, chifukwa kamaoneka ngati bwato. Ndinawamva kangapo akuuza Feston kuti popanda kabwato singano imangovina, siisoka. Ndinakatulutsa, n'kukamanga pakona ya nsalu yanga, n'kutseka kachitseko kaja. Palibe anandiona, ngakhale Feston.

Pogawa katundu ndinagwada, ine Bernadetta, pamaso pa anthu.

"Alamu," ndinatero, "jekete tengani, bokosi tengani, mpando tengani. Makina okhawa musiyireni mwanayu. Ndi moyo wake. Chaka chamawa ayamba kukhoma msonkho, adzaupeza kuti?"

A Gladys anayang'ana kumbali. "Nanenso ndili ndi mwana, alamu. Mukuganiza kuti chitaganyachi chikudumpha Phalula? Kwathu munda watha, mchenga wokhawokha. Jimu adzadya chiyani?" Kenaka anati, "Mwambo sindinaupange ndine. Si mmene munanenera ku Chiuta?"

Ha! Nkhani zimayenda, abale. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ankhoswe anangoweramitsa mitu. Mtima wanga unatentha moti ndinaimirira n'kuloza makina akukwezedwa pangolo.

"Tengani! Koma mwini wake akuona. Makina amenewo sadzasoka nsalu ku Phalula, olo kachigamba!"

Anthu anati pepani, ndi chisoni chikumuyankhulitsa. Feston anathandiza msuweni wake kumanga zingwe, n'kumuuza kuti aphimbe mutu wa makina ndi chiguduli kuopa fumbi.

Nzeru zanga zinali zotere: akafika kwawo ayesa, alephera, ayesanso, alephera. Akatopa awabweza okha, ati chitsulo chakufa tichite nacho chiyani. Pamenepo ine ndimasula pakona ya nsalu, mwana wanga akhala pampando wa bambo ake. Ndinkadziona wochenjera kwabasi. Feston sindinamuuze, chifukwa mwana uja anatengera bambo ake, sadziwa kubisa. Akanathamanga nako ku Phalula tsiku lomwelo.

Ndinadikira. Mvula inagwa, tinabzala, tinapalira. Feston anapita ku Balaka kukafunsa ntchito kwa matelala ena, onse ati bwera ndi makina ako. Anayesa kusenza katundu pasiteshoni, kumeneko anthu ochuluka kuposa matumba. Analima thonje m'munda wa alongo ake, mbozi n'kulowamo. Madzulo ankakhala pakhonde akusoka zigamba za anthu ndi singano yapamanja, amulipire chinangwa. Anzake awiri anakalembetsa ku Joni. Ine ndinkangoti, "Pirira mwanawe, makina aja abwera." Iye n'kumandiyang'ana ngati ndayamba misala.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi, dzuwa lili paliwombo, ndinaona Jimu akulowa pabwalo akukoka mbuzi. Ndinayang'ana kumbuyo kwake kuti ngolo ili pati. Kunalibe ngolo.

Anakhala pamphasa, tinalonjerana. Feston anamuseka mwachisuweni, "A telala a ku Phalula, mwasoka masuti angati?"

Jimu sanaseke. Anatembenukira kwa ine.

"Mayi, ndabwera kudzapepesa. Ine makina aja sindinkawafuna, anandikakamiza ndi amayi. Maganizo anga anali akuti ndikangoona kuti akuyenda, ndidzamutenge msuweni wangayu tikakhale pamsewu pa Phalula, iye azisoka, ine ndizikopa anthu, tizigawana. Amayi anali atavomera. Koma tinayesa, mayi. Ndipalase, singano ikukwera, ikutsika, nsalu ndikuikoka ilibe msoko. Tinathira mafuta, ayi ndithu. Amayi anakumbukira mawu anu aja, anati amalume akwiya, awamanga makinawa."

"Nanga osabwera nawo kuno bwanji?" ndinafunsa.

"Tinaopa. Tinati chinthu chimene mzimu wakana tikachibweza kwa ana, tsoka ligwera iwo. Tinathira nsembe ya ufa, tinaperekanso Misa, osatheka. Mwana wa mchemwali wanga atadwala, amayi anati chichoke m'nyumba muno. Ndiye kunabwera telala wina wa ku Liwonde, a Swaibu. Anawayang'anayang'ana, anatsegula pansi, n'kuvomereza kuti eya, makinawa ngomangidwa, koma iwo ayesa mwayi. Anatipatsa mbuzi ziwiri. Imodzi ndi iyi, ndati ikhale ya Feston."

Mbuzi ziwiri! Makina amene munthu anawalipira ndi mapapo ake.

Feston anali atasiya kusoka chigamba chija. Anafunsa pang'onopang'ono, "Jimu, pamene ankatsegula pansipo, kabwato kanalimo?"

"Kabwato kanji?"

"Kachitsulo kosongoka, kokhala ndi ulusi."

"Iyayi, munalibe kanthu. Kodi mumayenera kukhala kanthu?"

Mwana wanga sanayang'ane Jimu. Anayang'ana ine. Kenaka maso ake anatsikira pakona ya nsalu yanga, pamfundo imene anakhala akuiona miyezi isanu ndi umodzi, akumayesa ndi fodya. Mayo ine! Bola akanandimenya.

M'mawa mwake ndinanyamuka wapansi mpaka ku Liwonde, ndikukoka mbuzi ija. Ndinawapeza makina a amuna anga pakhonde, akulira bwinobwino, mnyamata wina akusoka mkanjo. Kabwato kena a Swaibu anakagula kwa amwenye tsiku lomwe anafika nawo. Ndinachonderera, ndinatukwana, ndinagwadanso. A Swaibu anandimvetsera mwaulemu, n'kundipatsa madzi akumwa.

"Amayi, ine ndinagula pamaso pa mboni," anatero. "Nanenso uyu mukumuonayu ndi mwana wanga. Masiku ano aliyense akuthawitsa wake."

Ndinabwerera ndi mbuzi yanga.

Feston sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimenecho sindidzamukhululukira. Anangogulitsa mbuziyo, n'kukhoma msonkho wake woyamba, n'kukalembetsa ku Joni, kumigodi komwe kuja bambo ake anakana. Ndinamuperekeza ku Balaka. Tinadutsa pakhonde paja, pali telala wina, iye osatembenuka n'komwe.

Sitima itaima ndinamasula mfundo. Ndinamutambasulira dzanja.

"Tenga mwanawe. Mwina kumeneko ukapeza makina."

Anakayang'ana kabwato kaja m'dzanja langa, n'kupinda zala zanga ndi dzanja lake.

"Sungani, amayi. Inu mumasunga bwino."

Papita zaka zinayi tsopano. Chitaganya chidakalipo, minda sanalande, anthu ayamba kunena kuti mwina chitha. Jimu akuwetabe mbuzi. A Gladys tikakumana pamaliro timalonjerana ngati anthu, aliyense akudziwa chimene anachita. Mwezi wathawu kunabwera kalata, aphunzitsi anandiwerengera. Akuti ali bwino, ntchito ikuyenda, atumiza bulangete. Kumapeto analemba kuti ndisadandaule, ndi kachifuwa chabe, ka fumbi.

Aphunzitsi anapinda kalata n'kundifunsa ngati ndiyankhe. Ndinati dikirani ndiganize. Ndinakhala pamenepo mpaka ana anaweruka, ndikungofinya mfundo ya pansalu.