Chithunzi Chothera Kuchimbudzi

Kwa zaka makumi atatu a Kuramochi ankajambula nyumba zimene sizinamangidwe, ndipo aliyense amene anamwa nawo tiyi mumzinda wa Kanazawa anatopa nako kudzitama kwawo. Ankati diso la munthu amalikoka ngati mbuzi ya pachingwe: mzere wopendekera umalikweza, nsonga ya denga imalilozera kopita, chozungulira chimalikhazika pansi. Ngakhale wowameta tsitsi anali ataloweza zimenezi.

Mwana wawo Chizuru anali atangomaliza maphunziro a zomangamanga. Ntchito yake yoyamba inali pulani ya malo odyera a mkulu wina wophika chakudya chotchedwa soba, a Ushijima, munthu wosadziwa kuwerenga pulani. Mkuluyo ananeneratu kuti akapanda kuchikonda chithunzi cha nyumbayo, ntchitoyo apatsa wina.

"Zisiye m'manja mwanga, mwanawe," anatero a Kuramochi, chifuwa chili patsogolo.

Anajambula sabata yathunthu papepala lopyapyala. Kumanzere, pafupi ndi kachimbudzi ka alendo, anayala miyala yopondapo. Kuchokera pamenepo mpanda unkakwera, denga nalo n'kukwera, mpaka diso kukafika pakhomo lalikulu kumanja. Anadziyamikira okha.

A Ushijima anavala magalasi. Iwo moyo wawo wonse ankawerenga nyuzi ndi mabuku kuyambira kumanja, monga mwa kalembedwe ka kwawoko, ndiye ndi komwe anaika chala, pakhomo penipeni. Chalacho chinatsetsereka ndi denga, kutsika ndi mpanda, kudumpha miyala, n'kuima.

"Akulu, mwandijambulira chimbudzi chokongola zedi," anatero. "Koma ine ndimagulitsa chakudya."

"Pepani achikulire, muyambire uku, kumanzereku."

"Ndiyambire kumapeto? Makasitomala anga nawonso ndi nkhalamba ngati ine. Mudzaima pamsewu kumawauza poyambira?"

A Kuramochi anayang'ananso chithunzi chawo. Katswiri wokoka maso, wobadwira m'mzinda womwewo, amene m'mawa womwewo anawerenga nyuzi kuyambira kumanja! Zakumanzerezo anazitola m'mabuku akunja ali mnyamata, ndipo palibe tsiku anazifunsa. Manyazi anawagwira, koma chimene chinawawawa kwambiri n'kuona Chizuru akupinda mapulani ake mwakachetechete.

Kenaka mtsikanayo anasiya kupindako. Ananyamula chithunzicho, n'kuchitembenuza, n'kuchigunditsa pagalasi la zenera. Kuwala kunadutsa pepalalo. Tsopano miyala inali kumanja. Chala cha mkulu uja chinaiponda, kukwera mpanda, kukwera denga, mpaka kulowa pakhomo.

"Ehee! Iyi ndiye nyumba. Mundimangire yomweyi, mayi."

Ali m'basi pobwerera, Chizuru anagwira dzanja la bambo ake.

"Munajambula bwino, ababa."

"Usandinyengerere, iwe. Chithunzi changa chabwino koposa ndi kumsana kwake."

A Ushijima anachiika m'felemu chotembenuzabe, n'kuchipachika m'malo odyera atsopanowo. A Kuramochi amapitako Loweruka lililonse, amakhala pansi pa dzina lawo lolembedwa chammbuyo, ndipo za mbuzi ya pachingwe anasiya kukamba.